Azakhali Atsuka Dzimbiri la Amalume

Ayi amwali, sanathyole. Wakuuza ndani kuti anathyola? Azakhali sathyola chinthu, iwo aja ukhoza kuwasungitsa dzira m'thumba la diresi, mawa ukalipeza lili bwinobwino. Anatsuka. Khala pansi kaye ndikuuze kuyambira poyamba, chifukwa ukamva theka uyamba kuseka, ndipo ine ndinaseka kale moti pano ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Azakhali ukuwadziwa, alongo awo a bambo anga aja ndimakhala kwawo chifukwa sukulu ili pafupi. Amagwira ntchito kochapira zovala, kuseri kwa sitolo ya nsapato, paja pamatuluka nthunzi pawindo ngati m'katimo akuphika mitambo. Anayamba ntchito imeneyo ali mtsikana ngati ifeyo, ndipo asanaiyambe anali atachapa kale banja lonse. Bambo anga amati ali mwana ankathawira pansi pa bedi akangomva beseni likulira, chifukwa alongo awowo ankawakhula mpaka makutu kuwala. Zala zawo pano n'zosalala ngati sopo wotsala, foni imakana chala chawo, ndimawatsegulira ndine. Ukawapatsa malaya a banga amayamba anunkhiza, kenako amakuuza mbiri yako yonse: "Awa ndi mafuta ophikira, si a galimoto ayi, ndipo munayesa kutsuka ndi madzi otentha, n'chifukwa chake lakhazikika." Munthu wamkulu ndi tayi yake amangoti inde mayi, ngati ali kukhoti.

Ndiye tangoganiza, munthu wotere anakakwatiwa ndi wopenta magalimoto. Akuti Amalume anabwera kochapirako ndi ovolosi yoti ikhoza kuima yokha, Azakhali n'kuwauza kuti, "Iyi musachapitse, kaiikeni m'manda." Sabata yotsatira Amalume anabweranso ndi ina yoipa kuposa pamenepo. Mpaka lero amadzitama kuti anachita kuidetsa dala.

Amalume anapuma ntchito, ndipo moyo wawo wonse uli m'chipinda chakumapeto chija. Kale munkagona mwana wawo wamwamuna, uja anapita kukagwira ntchito kutali. Iwe, m'menemo muli dziko. Pa matabwa ozungulira zipupa zonse pali njanji, tinjanji tating'ono toti chala chako chimodzi chikhoza kuphimba mbali zonse ziwiri. Pali mlatho, pali siteshoni ya makatoni koma ungalumbire kuti ndi njerwa, pali phiri la mphanga momwe sitima imalowa n'kukatulukira kuseri kwa chitseko. Mitengo ndi ya waya ndi siponji. Timiyala ta pansi pa njanji anachita kusefa n'kumata ndi guluu. Pali ngakhale kagalu kakukodzera mtengo wa magetsi, ndipo akuti anzawo anakangana masana onse ngati kagaluko sikanakule kwambiri poyerekeza ndi mlonda wa pasiteshoni. Akayatsa, injini imanyamuka pang'onopang'ono ikukoka mabogi, magudumu akuti tiki-tiki polumikizira njanji. Ine tsiku loyamba ndinakuwa mpaka ananditulutsa.

M'chipindamo Azakhali sankalowa. Kalekale anakolopamo, tianthu ta pasiteshoni n'kupita ndi madzi a m'ndowa, panabuka mkangano. Kuyambira pamenepo Amalume amakiya, Azakhali amakolopa kulekeza pachitseko ngati pali malire a dziko. Sitima ankangoimva kulira uku akusita.

Zaka zapitazi maso a Amalume anachita ng'ala. Ankathira shuga pambali pa kapu, pamsewu ankapatsa moni zikwangwani. Mwezi wathawu anapita ku opaleshoni, ndipo chifukwa magazi awo amathamanga, adokotala anati agone komweko masiku angapo. Anauzanso Azakhali kuti, "Akabwera kunyumba, fumbi ayi. Lisayandikire diso limenelo." Amwali, Azakhali mawu amenewo anawadikira moyo wawo wonse.

Tinachapa makatani, tinapukuta mababu, pamwamba pa makabati, kuseri kwa firiji. Titafika pachitseko chija Azakhali anaima, kiyi ali m'manja. Amalume anawasungitsa kiyiyo pamodzi ndi wotchi polowa ku opaleshoni.

"Adokotala ananena, si choncho?"

"Ananena, Azakhali."

"Unamva ndi makutu ako?"

"Ndinamva."

Tinalowa. Njanji ndi phiri tinangosesa ndi kaburashi, mosamala, Azakhali akuwerenga tianthu ndi maso kuti kasasowe kena. Koma ataona mabogi anagwira pakamwa. Dzimbiri lili chuu kutsika m'mbali, madenga ali bii ndi mwaye, bogi lonyamula mafuta lili ndi chibanga chakuda kuyambira pachivundikiro mpaka kumimba. Anakhala pampando wa Amalume, misozi ili lengelenge.

"Taona mwanawe. Amalume akowa, galimoto ikatuluka m'manja mwawo unkapesa tsitsi ukuyang'ana pachitseko chake. Lero zinthu zawo zomwe amazikonda zafika apa, iwo osaona, ine ndili panjapa kusunga mkwiyo wa tianthu."

Injini sanazikhudze, anati magetsi ndi madzi sizimwerana. Koma mabogi tinawanyamula pa thireyi kupita nawo kukhitchini. Sopo ndi mswachi wakale. Lokanika, thonje ndi sipiriti. Ine ndinkatsukuluza n'kumayanika pa thaulo uku ndikuvina, chifukwa pansi pa litsiro lija panali mitundu, iwe. Ofiira, obiriwira, ena a zilembo zoti mbee. Ndinajambula, ndinakutumiziranso, unayankha kuti zokongola, ndiye nawenso usadziyeretse kwambiri. Azakhali ankaimba. Anangodandaula kamodzi kuti, "Litsiro ili ndi lachilendo, likununkhira ngati zodzola," koma tinapitiriza. Dzuwa litapendeka tinasiya. Anatsala a panjanji ya kukhoma okha, tinati amenewo mawa.

M'mawa mwake kunabwera aTelala, anzawo a Amalume amene amasokera mabogi timalona tophimbira katundu. Nawonso ali ndi njanji yawo, imagona pansi pa bedi, amaitulutsa akazi awo akapita kumsika. Anabwera kudzafunsa za odwala. Atalowa m'khitchini n'kuona thaulo lija, anavula chipewa pang'onopang'ono.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Ndawatsukira anzanu. Akatsegula diso aone zoyera."

"Mwatsuka."

"Zinavuta, koma zachoka."

"Zinayenera kuvuta. La mafutali amuna anu analipenta kale, mwana wanu asanachoke pakhomo pano, linawatengera nyengo yonse ya mvula." Anatola bogi limodzi n'kuligogoda ndi chikhadabo. "Alamu, inu mabanga mumawadziwa kuposa tonsefe. Pulasitiki imachita dzimbiri?"

Azakhali anatembenukira ku thaulo lija.

ATelala anafotokoza mofatsa ngati akuyeza munthu thalauza. Akuti bogi likangochoka m'katoni limawala ngati chidole, ndipo anthu a tinjanjiwa chidole sachifuna. Amafuna lioneke kuti layenda, lavumbwa, lasenza malasha. Ndiye amalidetsa dala, ndi penti wosungunula kwambiri ndi ufa wamitundu, kadontho lero, kena mawa. "Enafe timatha milatho ndi mapiri, koma pa dzimbiri katswiri anali amuna anuwa. Ndipo awa mwatsukawa ndi amene anapenta maso akadali bwino."

Ine ndinaseka. Chimenecho ndiye chimandichititsa manyazi. Ndinaseka mpaka kutsamira sinki, kenako ndinaona Azakhali akupukuta manja pa epuloni, manja ouma kale, osasiya.

Azakhali ankafuna kukwera basi nthawi yomweyo kukawauza Amalume kuchipatala. Iwo bodza salitha, ngakhale kuuza mlendo kuti sanavute amachita chibwibwi. Amene anawagwira mkono ndine. Ndinati magazi a Amalume akuthamanga kale, mukufuna aphulike? Ndinati tingodetsanso basi, diso likamapola ife tikhala titamaliza, adziwa ndani? ATelala anati iwo sanamve chilichonse, anavala chipewa, koma atafika pakhomo anatembenuka.

"Musayambe ndi penti. Kaoneni kaye zenizeni."

Ndiye tinapita pamlatho wa oyenda pansi, uja umadutsa pamwamba pa njanji kuseri kwa depoti ya mabasi. Pansi pake pamaima mabogi enieni, ena udzu unamera m'magudumu. Azakhali anavala diresi yopitira kuntchito, chikwama chili kukhwapa, akusuzumira ngati akuona wodwala. Poyamba ankangoti, "Koma anthu kusasamala." Kenako ndinangomva mawu asintha.

"Taona, dzimbiri likuyambira pa mabawuti, likutsika motsata mvula, kumunsi likutha mphamvu. Mafuta satsika choncho, amafalikira m'mbali, ndipo m'mphepete mwake mumagwira fumbi. La kumagudumu ndi lofiirira, la padenga ndi lotuwa. Waona?"

Sindinaone kanthu, koma ndinati ndaona. Mayi wina wogulitsa machaja pamlathopo anafunsa ngati tagwetsa chinthu.

"Tataya dzimbiri," anatero Azakhali, osamwetulira n'komwe.

Titabwerera tinatsegula dilowa ya Amalume kufuna ufa wamitundu uja. Munali maburashi, timabotolo ta penti, sefa ya tiyi imene inasowa chaka chatha, kozulira nsidze, ndipo pansi penipeni panali kabokosi kagolide ka phaudala wa Azakhali, kaja anawatumizira mwana wawo. Pakati pake burashi inali itakumba dzenje.

Ukukumbukira tsiku lija ndinabwera kusukulu maso ali otupa, ndikukana kukuuza? Nkhani yake inali kabokosi kameneko. Azakhali anakhuthula chikwama changa pabedi, anati mtsikana akayamba kutola zakumaso mawa atola zina, anaimbira foni mpaka bambo anga. Amalume anali pompo, akumwa tiyi wosasefa, anangoti, "Mayi, musiyeni mwanayo, kapezeka."

Ndiye titakapeza m'dilowamo, Azakhali anakatola kabokosiko, n'kutembenukira kwa ine.

"Wadya?"

"Ndadya, Azakhali."

"Udyenso."

Anandikazingira mazira, anandisitira yunifolomu yositasita kale, ndipo kuyambira tsiku limenelo mbale sindikutsuka. Mawu enieni anatuluka madzulo, akuyang'ana simbi: "Ndinakulakwira mwanawe." Ndinati palibe kanthu. Koma mazira ndikudyabe, ndipo ndikudziwa kuti ndikanayenera kuwaletsa kalekale.

Amalume anabwera kunyumba ali ndi chophimba padiso, atalamulidwa kuti asawerame, asayandikire fumbi, ndiye kiyi anakhalabe kwa Azakhali. Iwo anali atatenga tchuthi kuti azisamalira odwala. Odwalawo akagona masana, ife tinkalowa. Ntchito yanga inali yosungunula penti ndi kumvetsera ngati bedi lalira. Bogi loyamba linaoneka ngati lagwera m'chithaphwi, tinalitsukanso. Lachiwiri linali ngati mwana wadyerapo chokoleti. Kenako dzanja linagwira. Ankanyowetsa burashi, n'kuipukuta pansalu mpaka itatsala pang'ono kuuma, kadontho pa bawuti, n'kukokera pansi kamodzi kokha. Phaudala wawo yemwe uja ankamupaka kumagudumu, akupuma pang'onopang'ono kuti asamuuluze. Iwe, ndinkaona bogi likukalamba ine ndikuyang'ana, tsitsi kuchita kundinyerenyetsa.

Tsiku lina ndinawamva akuimba nyimbo yomwe ija ankaimba potsuka. Atazindikira anasiya.

"Ndikusangalala ndi chiyani ine? Ndikunamiza munthu wodwala m'nyumba mwake momwe."

Koma burashi sanaiike pansi.

Chakudya chinkawakanika. Amalume akafunsa kuti, "Mayi, bwanji mwangoti phee masiku ano?" ankayankha kuti mutu. Akati, "M'nyumba muno mukununkha sipiriti," ine ndinkalumphira kuti ndikuchotsa penti wa m'zikhadabo. Mabodza onse anali anga, koma amene ankaonda ndi iwo.

Loweruka lapitali adokotala analoleza kuti Amalume abwerere ku sitima zawo. Amalume anavala malaya abwino ngati akupita kokajambulitsa, anaitana aTelala, tonse tinalowa. Anayatsa getsi n'kuima. Anayamba ndi khoma.

"Kodi khoma ili ndi loyera? Ine ndimayesa lachikasu."

Kenako anayandikira mabogi a Azakhali, anaima pa la mafuta lija, akuliyang'ana kuyambira pachivundikiro mpaka kumimba.

"Achimwene, tabwerani muone. Awa ndinapenta maso akadali maso. Taonani m'mene latsikira dzimbirilo. Dzanja linalipo apa, anthu inu."

ATelala anayang'ana kumwamba, anati nyumbayi ili ndi denga labwino.

Amalume anapitirira mpaka panjanji ya kukhoma, pa mabogi aja sitinawatsuke, awo enieni, amene anapenta zaka za ng'alazi. Dzimbiri lake linali lopita ku pepo, lochindikala ngati matope. Akuti ng'ala imakuonetsa zonse zachikasu, ndiye umangowonjezera mtundu osadziwa. Anakhala pampando.

"Apa ndiye ndinali wakhungu. Ndipo nonsenu munkangondiyamikira." Anapukusa mutu. "Mayi, inu mumadziwa zochotsa. Mundipatseko sipiriti. Awa ndiwatsuke onse, ndiyambirenso, ndizionera pa anzawowa."

Ndinawatsina Azakhali pamkono kuti angokhala chete, zatheka, tapulumuka. Anachotsa dzanja langa. Anapisa m'thumba la epuloni, anatulutsa kabokosi kagolide kaja, anakaika pakati pa njanji, kutsogolo kwenikweni kwa injini.

"Musatsuke, bambo. Anu atsala ndi okhawo. Enawa ndinatsuka ine muli kuchipatala, ndimayesa litsiro. Dzimbiri mukuliyamikiralo ndi langa."

Amalume anayang'ana mabogi, anayang'ana kabokosi, kenako anayang'ana ine, ndipo diso latsopanolo likakuyang'ana limalasa. ATelala anakumbukira mwadzidzidzi kuti anasiya simbi osazimitsa.

"La mafuta lija?" anafunsa Amalume.

"Nalonso."

"Lonse?"

"Mpaka pansi. Linavuta."

Amalume anagwedeza mutu nthawi yaitali. Kenako anatola kabokosi, anakatsegula, anaona dzenje lija ngati akuliona koyamba.

"Aka ndinkati ndibweza ndikangomaliza bogi limodzi. Mtundu wake unali wa fumbi lenileni."

"Nkhope yangayi ndi ya mtundu wa fumbi?"

"Fumbi labwino, mayi."

Palibe anaseka. Ine ndinaluma lilime mpaka lero likupweteka.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Tsiku limenelo sitima sinayende, ndipo mawa lake Amalume anakhala m'chipindamo okha, chitseko chili chotseka, osayatsa kanthu. Azakhali anasita zovala zonse za m'nyumba, mpaka masokosi ndi nsanza zopukutira mbale. Chakumadzulo Amalume anatuluka, anandipeza ndikulemba za kusukulu, anaima kumbuyo kwanga akukanda chibwano.

"Mwanawe, tsiku lija la chikwama chako, ndinaona zonse ndili chete. Pamenepo ng'ala inalibe mlandu."

Ndinafuna kuwauza kuti nzeru yodetsanso inali yanga, kuti Azakhali ankafuna kunena tsiku lomwelo. Ndinangoyamba kuti, "Amalume, za bodza lija," iwo anati, "Ndikudziwa. Azakhali ako sangapeke bodza ngakhale utawalembera." Basi anapita kukathira tiyi, ndi sefa.

Za bogi la mafuta sanakhululukebe, ine ndikuona. Akamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali, ndipo pamene aTelala anayesa kuliyamikira anawafunsa ngati alibe zosoka. Mabogi a pepo aja sanawatsuke, anangowasunthira kutsogolo pasiteshoni, poonekera, kagalu kali pambali. Koma dzulo m'mawa Azakhali anapeza pa tebulo lositira pali bogi latsopano, lowala, likadanunkha katoni, pambali pake burashi ndi kabokosi kagolide. Mawu ayi. Kiyi ali lende pachitseko, chosakiya.

Azakhali analisuntha kuti asite, analibwezera, analisunthanso. Mpaka pano sanalikhudze ndi penti. Andiuza kuti ndi lonyamula simenti, ndipo fumbi la simenti sanalionetsetse tsiku lija, ndiye Loweruka tikupitanso pamlatho. Amalume ati apita nawo, akuti akufuna kuyesa disolo patali. Ubwere amwali, tikumane pa sitolo ya nsapato dzuwa lisanatenthe, uwaone anthu awiri akuluakulu akukangana za mtundu wa fumbi. Ndipo kabokosi ka zopaka m'maso ka akulu ako kaja, ka mitundu yotuwa sakagwiritsa ntchito kaja, ubwere nako. Koma upemphe kaye, ndagwira mwendo.